Zimene a Gabrieli anabisa atachokera ku opaleshoni

Panali munthu wina dzina lake Kaliati, mlendo amene anafika pa msika wa Mtakataka ndi chikwama cha mabotolo a mankhwala azitsamba. Iyeyu anapempha a Gabrieli chinthu chimodzi chokha: mkanda umodzi wa m'chiuno mwa akazi awo. Nkhaniyi akuti inachitikadi. Ndasintha mayina, ndipo ndikuilemba ndi manyazi, koma mwina ithandiza wina.

A Gabrieli anali kalipentala wa kufupi ndi Mua. Madokotala a mumzinda anawapeza ndi khansa ya pulositeti, kachiwalo ka abambo kokhala pansi pa chikhodzodzo, ndipo anakachotsa. Powatulutsa, dokotala anati, "Bambo, mkodzo uzidontha kwa kanthawi. Mphamvu za kuchipinda zichedwa kubwerera, ndipo umuna sudzatulukanso. Mudzabwere ndi mayi kuti tidzawafotokozere muli limodzi."

A Gabrieli anangogwedeza mutu. Wowadikirira kuchipatala anali mng'ono wawo, ndipo anamulumbiritsa kuti asanene kanthu. Kunyumba anauza akazi awo, a Rozaria, kuti kanali kachotupa chabe ka m'mimba.

Bala linapola, koma zimene dokotala ananena zinachitikadi. A Gabrieli anayamba kugona pa mphasa yawoyawo. Makabudula ankachapa okha kuseri kwa bafa. A Rozaria sanafunse. Ankangosiya sopo pamwala pamenepo ngati amuiwala.

Tsiku lina pa bawo kumsika, mnzawo wina anati, "Achimwene, mwafatsa bwanji masiku ano? Kapena munagwa m'papaya?" Onse anaseka, osadziwa kanthu. A Gabrieli okha sanaseke, ndipo Kaliati anaona. Anawatsatira mpaka pamene anaimika njinga, nawafunsa mokoma mpaka anaulula zonse.

"Madala, dokotala amangodziwa kudula," anatero Kaliati. "Inu anakumangani ndi mayi akunyumba kuti musayang'ane kwina. Ndibweretsereni mkanda umodzi, ndikuonetsani."

A Gabrieli anali asanaiwale mawu a dokotala. Koma kwa iwo kunali kopepuka kunena kuti alodzedwa kusiyana ndi kuvomera kuti thupi lasintha. A Rozaria atapita kukasamba, iwo anadula chingwe cha mikanda imene inali pabedi. Kaliati anaponya mkandawo m'kapu ya madzi nati, "Mwaona wamira? Ndi iwowo." Kenako anawagulitsa botolo lalikulu, akuti azimwa pafupipafupi.

A Rozaria anapeza mikanda itamwazika pansi. "Bambo a Lusungu, wadula mikanda yanga ndani?"

"Mukudziwa zimene munachita. Mukayankha kwa ankhoswe."

Ankhoswe a mbali zonse anabwera, pamodzi ndi a Goodson, malume a Rozaria ochokera ku Golomoti. M'mawa umenewo a Gabrieli anamwa mankhwala ambiri kuti alimbe mtima. Atakhala pa mphasa, ananena pamaso pa onse kuti akazi awo anawamanga.

A Rozaria anayankha. "Ine ndakhala nawo chiyambire utsikana wanga. Ndiwamange lero kuti ndipindule chiyani? Ndimaganiza kuti ndine amene ndayamba kuwanyansa."

A Rozaria akulankhula choncho, a Gabrieli anamva kutentha m'miyendo. Buluku linanyowa, mphasa nayo inayamba kuda. Sanathe kudzuka, sanathe kuyang'ana munthu.

A Goodson anaona. Anatembenuza nkhope nanena mokweza, "Anzanga, tayala la njinga yanga laphwa panjira. Tiyeni mukandigwirire kaye." Amuna ena onse anadzuka, popanda wofunsa. A Rozaria anamasula chitenje chawo chapamwamba nachiyala pamiyendo ya amuna awo. Atatero analowa m'nyumba, anamanga zovala zawo, napita ku Golomoti ndi malume awo.

A Gabrieli atabwerera kumsika anapeza Kaliati atachoka kalekale. Ndiye anapita kuchipatala, okha. Namwino wachimuna anawalowetsa m'chipinda, natseka chitseko. Anawauza kuti botolo lija alitaye. Anawaphunzitsa kulimbitsa minofu yogwira mkodzo. Anati mitsempha yodzutsa mwamuna imadutsa pafupi ndi pulositeti ndipo imavulala pa opaleshoni. Kwa ena mphamvu zimabwerera pang'onopang'ono, ena amathandizidwa ndi mankhwala, ena sizibwerera, koma banja limapeza njira zina zosangalatsana.

"Palibe anakumangani, bambo. Nanga mayi ali kuti?"

A Gabrieli anabwerera kunyumba.

Anachapa chitenje chija okha, anachisita ndi simbi ya makala, nakwera njinga mpaka ku Golomoti. Anapeza a Rozaria akupeta mpunga pakhonde. Anagwada, naika chitenjecho pambali pa lichero.

"Ndabweza chitenje chanu. Simunandimange. Dokotala anandiuza zonse kale, ine ndinabisa."

A Rozaria anachitambasula, nachiyang'ana nthawi yaitali. "Mwasita mokhota," anatero. Kenako anafunsa, "Kuchipatala anati mupite liti?"

"Lachinayi."

"Mudzandipeza pa siteji. Za kubwerera kunyumba sindinanene."

Phunziro: Opaleshoni ya pulositeti imasintha thupi la bambo, koma si ufiti ndipo si mlandu wa mkazi. Dokotala akati bwerani awiri, pitani awiri. Manyazi amene mukubisira mkazi wanu kuchipinda adzakupezani pagulu, ndipo mlendo wa pamsika sadzakhalapo kuti akufunditseni. Tumizirani abambo, amalume ndi apongozi, makamaka aja osalankhulalankhula.