Mackson Ayeretsa Munda

Mackson anali akutolabe timizu totsalira pamene galimoto ya Amayi Annette inaima m'mphepete mwa munda. Anapukuta manja pathalauza n'kuyang'ananso ntchito yake. Aa, koma malo anayera! Kuyambira pamsewu mpaka kumalire, dothi lofiira lokhalokha, mbee, ngati bwalo la sukulu.

Munda umenewu, kuseri kwa Area 25, malemu bambo ake anausiyira iye ndi mng'ono wake Ezekiel, aliyense mbali yake. Tauni inachita kuupeza. Mu Juni, Lucious, uja amalumikiza ogula ndi ogulitsa, anabwera ndi uthenga: mayi wina, Amayi Annette omwewa, wazungulira munda wonse, wakonda mbali ya Mackson, abweranso mu Okutobala kudzamaliza nkhani. Mackson sanafunse zambiri. Munthu wogula malo mu Lilongwe angafunenso chiyani kupatula kumanga? Ndipo malowo anayenera kugulidwa basi. Mwana wake Mwayiwathu anali atasankhidwa kusukulu ya unamwino, ndipo akumeneko ananena mosapsatira kuti mwezi ukatha asanalipire, dzina lake alifufuta.

Ndiye mkulu uja anavula malaya. Anatenga aganyu ku Mgona n'kuzula kapinga yense ndi mizu yomwe. Mkuyu waukulu ndi misuku anagwetsa, nkhuni zake n'kuotchera uvuni wa njerwa kuti wogula adzapeze poyambira. Maenje okumba dothi anawasiya dala, poti womanga aliyense amafuna dzenje la chimbudzi. Kasupe wa pakati pa munda anamukwirira ndi miyala. Ndani angakumbe maziko pamadzi? Madziwo, posowa potulukira, anakatumphukira kumunsi kwa Ezekiel, ndipo Mackson anati ayende bwino. Pomaliza anazunguliza waya waminga.

Chomuwawa chinali chimodzi: mbali ya Ezekiel. Thengo lenileni, udzu wofika m'mawondo, mitengo yosadulira n'komwe.

"Iwe, thengo lakoli lindithawitsira wogula," ankatero Mackson pafupifupi tsiku lililonse.

"Achimwene, ndilambula mawa."

Mawa la Ezekiel ndani analiona? Ngakhale lero lomwe, uyo ali gone pansi pa mtengo wake, chipewa kumaso, wailesi pamimba.

Amayi Annette anatsika m'galimoto atavala majombo. Analonjera mwaulemu, koma atangoponya maso pamunda, nkhope inagwa. Anaima duu. Kenako maso awo anawoloka waya n'kukakhazikika pathengo la Ezekiel.

Mackson anati chamumtima: Ndinanena ine!

"Musadandaule ndi uko, Amayi," anafulumira kunena. "Ndi kwa mng'ono wanga, munthu waulesi. Sabata ino tiyatsako moto."

Mayiwo anayenda pang'onopang'ono m'fumbi lija. Pa dzenje loyamba anaima n'kusuzumira, pa lachiwiri anapukusa mutu. Anakhudza waya waminga ndi chala, n'kuchibweza msanga. Pa chitsa cha mkuyu anakhalitsa, dzanja lili pachipumi chifukwa dzuwa linali likuswa mtengo ndipo pothawira panalibe.

"Paja apa panali madzi, Abambo?"

"Analipo, Amayi, koma tinathana nawo. Apa mungamange ngakhale nyumba yosanja."

"Nanga udzu uja?"

"Sudzameranso. Tinazula ndi mizu."

Mackson ankawadziwa anthu a ndalama. Amayamba ndi kukwinya nkhope kuti mtengo utsike. Zimenezo akanapirira. Koma chomwe chinkamutentha n'choti mayiwo ankangocheukira kwa Ezekiel. Mapeto ake anatulukira pachipata, n'kuzungulira, n'kulowa m'thengomo. Anapondaponda pansi ndi chidendene. Anazula udzu, n'kuupikicha m'manja, n'kuununkhiza. Anavundukula zitsamba chimodzichimodzi ngati munthu wofunafuna njoka. Anatunga madzi aja ndi chikhatho n'kuwayang'anitsitsa.

Basi zatha, anaganiza Mackson. Waona udzudzu, waona njoka, waona mobisala akuba. Ndani angaike alendi pafupi ndi zimenezi? Miyezi yonse ija ya matuza m'manja, msana wosawongoka, aganyu omudzutsa m'mamawa, zonse zithere pa ulesi wa munthu mmodzi! Anakumbukira sutikesi ya Mwayiwathu, yolongedza kale, ili pakona kudikira. Analumpha waya, thalauza n'kung'ambika, n'kukachotsa chipewa kumaso kwa mng'ono wake.

"Dzuka! Waona zimene wandichita? Mwana wanga akhale pakhomo chifukwa cha iwe? Tenga chikwanje pompano!"

Ezekiel anadzambatuka, maso ali psuu ndi tulo. Mackson anatembenukira kwa mayi aja, manja ali pachifuwa.

"Amayi, pepani kwambiri. Ndipatseni sabata imodzi yokha. Kunonso kuyera ngati kwanga, amisiri anu adzayamba kumanga popanda chowasokoneza."

"Kumanga?" Amayi Annette anasasa manja, udzu n'kugwera pamajombo. "Abambo, ine mu Juni ndinakonda mbali yanu chifukwa cha kapinga uja, mthunzi wa mkuyu ndi kasupe. Ndikufuna posungira mahatchi anga. Hatchi sidya njerwa, m'maenje mwanumo ithyoka mwendo, ndipo wayayo aing'amba."

Kenako anatembenukira kwa Ezekiel, amene anali akuyasamulabe. "Inu Abambo, chikwanjecho musachikhudze. Kuno mukugulitsa?"