Mapiritsi a Msana wa Bambo

Chikwama cha bambo chinali kale pakhomo. Anachilongedza ndi ana awo, eni ake osawafunsa. Anangowakhazika pampando wapakati pabalaza ngati wakuba wogwidwa pamsika.

Mlandu wake unali wa mapiritsi omasula minofu. Dokotala anawalembera msana utauma chifukwa choyendetsa lole. Anachenjeza kuti ndi a masabata ochepa chabe, chifukwa ukapitiriza thupi limazolowera, osafunanso kukhala popanda iwo. Koma miyezi inapita, mabotolo akungotha. Mayi ankapita kukatenga ena, ali chete.

Woweruza anali mwana wawo wamkazi, amene anabwerera kwa makolo banja litatha. Mboni inali mlongo wake, nayenso wobwerera kwa makolo tauni itamukanika, amene onse ankamutcha Loya chifukwa cha makani, ngakhale sanagwirepo ntchito chibadwire.

Umboni unalipo wambiri. M'mawa uliwonse bambo ankapezeka atagona pansi, miyendo ili pakhoma. Madzulo ankangozungulira nyumba popanda kumene akupita. Pogona ankakumbatira botolo la madzi otentha ngati khanda. Choopsa kwambiri, ankamwetulira.

"Munthu wamutu wake angamwetulire m'nyumba muno?" anafunsa Loya, akupukuta thukuta.

Mwana wamkazi ananena kuti mapiritsiwo anawabisa sabata yatha, ndipo chibisireni nyumba yasanduka moto. Tulo palibe. Iye mutu ukumung'amba, manja akunjenjemera, zonsezo chifukwa chodera nkhawa bambo. Loya dzulo anatukwana firiji. Choncho, anapitiriza mwana wamkaziyo, wapeza malo othandiza anthu kusiya mankhwala, ndipo galimoto ili m'njira. Bambo akakana kukwera, iye ayimbira bwana wawo kuti awalande makiyi a lole. Ntchito imeneyi ndi imene inkadyetsa woweruza ndi mboni yomwe, koma palibe anakumbukira.

Bambo anayesa kufotokoza. Anati kugona pansi kuja, kuyenda kuja ndi madzi otentha aja ndi zimene anawaphunzitsa kuchipatala kuti msana uchire popanda mankhwala. Sanamalize.

"Bambo, musatichititse manyazi. Aliyense wogwidwa amakana choncho," anatero mwana wamkazi. Anafuna kuwaloza ndi chala, koma chalacho chinkaloza denga, kenako pansi.

Bambo anapumira m'mwamba. Anawonjezera chinthu chimodzi chimene dokotala anawauza: munthu amene wazolowera mapiritsi amenewa sasiya tsiku limodzi. Amachepetsa pang'onopang'ono, dokotala akumuona, apo ayi akhoza kugwa n'kuyamba kuphupha.

"Mwamva? Akupempha ena," anatero Loya, akuseka mopambana, nsagwada zikugundana.

Panja galimoto inaliza hutala. Loya ananyamula chikwama, chinamupulumuka. Anachitolanso, chinagwanso. Mwana wamkazi anawagwira bambo dzanja kuti adzuke, koma ndi bambo amene anamuchirikiza kuti asagwe.

Mayi, amene nthawi yonseyi anaima pakhomo la khitchini, anafunsa ndi mawu otsika ngati za kugwa n'kuphuphazo zinali zoona. Bambo anagwedeza mutu kuvomera. Mayi anakhala pansi.

"Bambo anu sanamwepo ndi limodzi lomwe," anatero. "Chibwerereni inu ndi mikangano yanu, ndakhala ndikuwasungunula mu tiyi wanu wam'mawa, kuti ine ndipumeko."

Bambo anatuluka kukafunsa dalaivala ngati kumaloko kuli mabedi awiri.