Zishango za Asilikali a Ambrose

Hamadi anatola kamsilikali ka Ambrose kamene anali atangokagwira, nakayang'anitsitsa.

Nkhondo yawo ya patebulo ku Nsanama inali ndi lamulo limodzi: aliyense dongo lodzaza dzanja, aumbe gulu mmene akufunira. Hamadi anaumba zimphona zisanu, nazipatsa zishango za zitsekerero za mabotolo. Mnzakeyo anaumba tiasilikali makumi atatu, tating'ono ngati usipa, toti chitsekerero sitingachinyamule.

Nanga tizishango tachikasu topindikati anatitenga kuti?

Hamadi anasuzumira kunsi kwa tebulo. Zikhadabo za kumapazi kwa Ambrose zinali zowengedwa kumene.

"Zanga zinangokwanira khumi, achimwene," anatero Ambrose mopanda manyazi. "Kamene mwagwirako n'ka apongozi anga."

Hamadi anakaika pansi pang'onopang'ono, napukutira dzanja pathalauza.

"Mwapambana. Tebulolinso tengani."