Chibangili Kumchira kwa Boti

"Alamu, kakulemera kutsogolo," anatero Prodip atakhazika kaboti koyendetsa ndi rimoti ka malemu mkulu wake pa pensulo yogoneka patebulo kuti aone kumene kakulemera. Kabotiko kanaweramiranso kumphuno.

Mlamu wakeyo, Kakoli, anangoyang'ana. Mwambo wa maliro a mwamuna wake Subhendu unali utangotha, sari, nsalu yoyera ya umasiye, ali nayo m'thupi, koma misozi inali isanabwerebe.

"Achimwene anaika kadontho apa," Prodip analoza pamimba pa kabotiko. "Kulemera konse kuyenera kukumana pamenepa, apo ayi kakangothamanga kalowa pansi pa madzi. Batire ndakankhira kumbuyo, zakanika. Mtovu wawo wolemeretsera nawonso unatha."

"Achimwene anuwo ankati ine ndine mtolo wowalemera," anatero Kakoli, ngati akunena za nyengo.

Anatsegula kabati n'kutulutsa chibangili chachitsulo chimene anavekedwa pa ukwati, chomwe pa mwambo wawo mkazi amavula mwamuna akamwalira. Anachiika kumchira kwa kabotiko.

Mphuno inadzuka pang'onopang'ono, kabotiko n'kuima osapendekeka.

"Chakwana ndendende!" anadabwa Prodip.

"Matani ndi guluu, alamu," anatero Kakoli. "Kudziwe kumene ankakayendetsako sananditengeko n'kamodzi komwe. Ulendo uno ndipita nawo."