Batani Lachitatu

Panali munthu wina wosaona amene ankajambula nyimbo mu situdiyo ya mlamu wake. Amene anandiuza nkhaniyi akuti inachitikadi. Anthu ankangomutcha Makutu, chifukwa woimba akaphonya pang'ono pokha, iye ankamubweza pomwepo, kaya ndi m'busa kaya ndi bwana.

Ntchito yake inkayenda ndi makutu ndi zala. M'kompyuta munali kapulogalamu komuwerengera mokweza batani lililonse limene wafikapo: jambula, imitsa, sunga, fufuta. Kankalankhula ndi mawu achikazi, mothamanga moti ine ndi inu sitikanatolapo kanthu. Mkazi wa Makutu ankati kameneko ndi mkazi mnzake, poti kankacheza ndi mwamuna wake tsiku lonse osakangana.

Tsiku lina kunabwera mkulu wina wonunkhira perefyumu, atanyamula fulashi ya kompyuta. Anaonetsa mlamu uja, mwini situdiyo, pulogalamu yatsopano yojambulira mawu, yamawangamawanga, mizere ikuvina pa sikirini. Anati masitudiyo onse otsogola akugwiritsa ntchito imeneyo. Mlamu anakopeka. Sanali munthu woipa ayi. Ndi iyeyo amene analemba ntchito Makutu pamene ena onse ankamubwezera pageti. Kungoti ankachita manyazi makasitomala akaona pulogalamu yakale yotuwa imene Makutu ankajambulira nyimbo.

Makutu anapempha kuti ayambe waiyesa. Anadina pa kiyibodi, mawu achikazi aja anati, batani. Anadinanso, batani. Batani, batani, batani. Opanga pulogalamuyo anakongoletsa mabatani ndi tizithunzi, koma sanalembe dzina ngakhale pa limodzi, ndiye kowerenga kaja kanasowa chowerenga.

"Alamu, ichi ndi chikomekome cha mkuyu," anatero Makutu. "Inu mukuona zithunzi, ine ndikungomva dzina limodzi. Chonde yakale ija musachotse."

Mlamu anaseka. Anati munthu wa mutu ngati iye sangagonje ndi mabatani, azolowera. Mlendo uja anawonjezera kuti mapulogalamu awiriwo akakhala pamodzi amalimbana. Anafufuta yakale ija, n'kumapita. Nambala imene anasiya sinagwirepo mpaka lero.

M'mawa mwake kunafika mayi ena, mphunzitsi wopuma ntchito, ali ndi mwana wawo wamkazi woyembekezera. Mayiwo anali ndi chotupa pakhosi, ndipo masana a tsiku lomwelo ankakalowa opaleshoni. Madokotala sanawabisire kuti akatuluka kumeneko mawu sadzatulukanso. Iwo ankafuna kujambula nyimbo imodzi yokha, imene ankatonthozera ana awo onse, kuti mdzukulu ali m'mimbayo adzamve mawu a agogo ake.

Makutu anachonderera mlamu kuti akhale pambali pake. Koma mlamu anali ndi ulendo wokatenga sipika kwa okonza. Anasuzumira pa sikirini ali chiimire, makiyi a galimoto ali m'manja, n'kunena kuti lojambulira ndi batani lachitatu, akalidina mawu amveka m'mahedifoni. Anatuluka.

Apa ndi pamene panagona nkhani. Mlamu anawerenga ndi maso, kuyambira kumanzere. Kiyibodi siyenda njira ya maso, inayambira kwina. Lachitatu la Makutu linali longomvetsera, osati lojambula. Mawu anamvekadi m'mahedifoni bwinobwino. Komabe mtima wake sunakhazikike. Anafuna kuyesa kaye, koma sankadziwa kuti lobwereza ndi liti, lofufuta ndi liti. Anafunsa mwana wa mayi aja chimene akuona pa sikirini, ndipo iye anati mizere ikuvina. Mafoni onse anali atazimitsidwa, monga mwa lamulo la m'situdiyo, ndiye panalibe wojambula pa foni.

Mayi anaimba. Mawu anali osasa, akuduka apa ndi apo, koma Makutu wobweza anthu uja sanawabweze. Atamaliza anakhosomola mpaka misozi. Mwana wawo anawagwira mkono, ulendo wa kuchipatala.

Mlamu atabwera masana anayang'ana m'kompyuta. Munalibe kalikonse. Anafufuza paliponse, thukuta lili kamukamu. Makutu anaimba foni kwa mwana wa mayi aja kuti mwina athamangire kuchipatala konko, koma anauzidwa kuti mayi alowa kale, awapempherere. Za nyimbo yosajambulika ija sanaulule. Anangoti awapempherera.

Kwa masabata atatu Makutu sankadya bwino. Ankadziimba mlandu kuti akanakana kujambula. Mlamu naye ankalowa m'situdiyo mozemba ngati si yake. Aliyense ankadikira kuti mnzake ndiye aimbe foni yoululira, ndipo palibe anaimba.

Kenako mayi aja anabwera, pakhosi pali bandeji, nkhope ili mwee. Analemba pa kapepala, n'kukaika m'manja mwa Makutu. Iye anakasisita ndi chala, n'kukatambasulira kumene mlamu anaima.

"Alamu, a maso ndinu. Werengani."

Mlamu anawerenga mokweza: "Mwana wanga, ndiikire nyimbo ija ndidzimveko."

Mayi anali atavala kale mahedifoni, akudikira. Makutu, munthu wamkulu ndithu, anakhala pansi pa simenti n'kuyamba kulira.

Phunziro: Chida chimayesedwa ndi amene achigwiritse ntchito, osati amene akuchiyang'ana. Munthu wosaona akakuuzani kuti ichi sichikundilankhula, musamuuze kuti azolowera, ndipo musamulande chida chake chifukwa cha mlendo wa pakamwa pokoma. Inunso opanga mapulogalamu, lembani dzina pa batani lililonse, chifukwa pali anthu amene amawerenga ndi makutu. Musaisunge nkhaniyi, itumizeni kwa abale ndi anzanu, makamaka amene amagwira ntchito ndi anthu osaona.