Fuwa la Bwampini

Padangotero, ndipo tili tonse.

Bwampini ndi Khwangwala anakangana kuti katswiri wotola zinthu ndani. Khwangwala anabwera ndi supuni yonyezimira. Bwampini anagubuduza bomba ladzimbiri limene asilikali anasiya m'thengo nkhondo itatha, ndipo nyama zonse zinamuombera m'manja.

Ngaka yekha anapukusa mutu. "Achimwene, chitsulochi sichinafe ayi, changogona. Kauzeni asilikali adzachichotse."

"Chinagwa pakhomo panga nthawi ya nkhondo osaphulika," anatero Bwampini akudziguguda pachifuwa. "Chinandiopa ine! Ndichisunga, adzukulu anga adzadziwe kuti agogo awo anali mwamuna."

Tsiku lomwelo anaitanitsa phwando. Pofuna kuti mlendo aliyense alione bombalo, anachotsa fuwa limodzi pamoto n'kuika bombalo m'malo mwake, nateleka phale la mtedza. Ngaka anabereka mwana wake n'kuuyatsa ulendo. Khwangwala naye anauluka, nsanje itamukwana.

Mtedza usanapse n'komwe, chiphokoso chinagwedeza mapiri.

Khwangwala atabwerera, anapeza chidzenje chofuka utsi. Anatera m'mphepete, nasuzumira.

"Mwapambanadi achimwene," anatero. "Una waukulu chonchi palibe bwampini anakumbapo. Nanga ogonamo ali kuti?"