Thovu la a Dionisio

Bambo, takuikani m'manda Loweruka. Ndikulemba izi kuti amene anakuperekani asagone tulo.

Panali munthu wina m'mudzi wa asodzi wa Kaukira, dzina lake Baltazar. Ankapalasa bwato la mlamu wake Dionisio, amene ankamira pansi pa nyanja kukakola nkhanu zikuluzikulu m'matanthwe. Ntchito ya Baltazar inali kutsatira thovu la mnzakeyo ndi kumupatsira mathanki a mpweya, basi.

Tsiku lina Dionisio anavuuka akusisita bondo.

"Alamu, mwendo wachita dzanzi. Lero zikhale pomwepa."

"Dzanzi kapena ukalamba?" Baltazar anaseka. "Si inu mwati phanga lija ladzaza nkhanu? Kodi mlongo wanga anakwatiwa ndi mwamuna kapena ndi kamba?"

Dionisio anam'tukwana moseka, n'kulandira thanki ina, n'kumiranso. Mpweya unam'thera ali pansi, ndipo anakwera mothamanga kupitirira thovu lake lomwe, chinthu chimene womira aliyense amadziwa kuti chimapha. Pom'kokera m'bwato, miyendo inali lende ngati chingwe chonyowa.

Atafika naye kusitima yaikulu imene inawabweretsa panyanjapo, kapitawo anafunsa chimene chachitika. Baltazar anachita mantha.

"Wakumana ndi Liwa Mairin, mayi wa m'madzi uja. Wakwiya kuti tikum'thera nkhanu."

Za dzanzi sanatchule. Ndiye m'malo mothamangira naye kutawuni ya Puerto Lempira, kumene kuli makina ochiza omira, anangom'fukiza zitsamba, sitima n'kupitiriza usodzi.

Atabwerera kumudzi, Baltazar anakamuzonda kamodzi kokha. Wodwalayo anam'gwira dzanja.

"Alamu, zikomo pondivuula. Chikhala wina, bwenzi nditatsala komweko."

Baltazar anatuluka osamwa khofi amene mlongo wake anam'thirira. Za dzanzi zija anadzaulula yekha atakhuta mowa, akulira ngati mwana, Dionisio atatsirizika kale. Akuti mpaka lero madzi akamawira pamoto Baltazar amayang'ana kumbali, safuna kuona thovu.

Phunziro: Mnzako akati thupi lakana, usamuseke, m'khulupirire. Ndipo ukalakwa nena zoona nthawi ikadalipo, chifukwa bodza lako likhoza kukhala bokosi la mnzako. Tumizani uthengawu kwa aliyense amene ali ndi m'bale wogwira ntchito panyanja.

Bambo, Loweruka kapitawo wa sitima sanabwere. Ofukiza zitsamba aja sanabwere. Alamu anu a Baltazar, amalume anga aja, sanabwere, chonsecho amayi anawasungira mpando kutsogolo, mpaka dothi lomaliza akungocheukira kumsewu.